Geometry ya Diso ndi Chithunzithunzi: Kodi Ili ndi Malo m'Masamu a ku Pulayimale?

Geometry ndi gawo la masamu limene limafufuza maonekedwe a zinthu, kukula kwake ndi momwe zakhalira pamalo, ndipo imene ana a m'mayiko ambiri amaphunzira kusukulu inachokera m'buku lotchedwa Elements, limene Euclid analemba mumzinda wa Alexandria ku Egypt zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Mu geometry imeneyi chinthu chimadziwika ndi miyeso yake, kotero kuti sikweya ndi chinthu cha mbali zinayi zofanana kutalika ndi ngodya zinayi za madigiri 90, ndipo mizere ya parallel, ndiko kuti mizere yowongoka imene mpata wa pakati pake sukula kapena kuchepa, siikumana ngakhale itatalikitsidwa chotani. Vuto ndi lakuti diso silionetsa dziko motero. Munthu woima pakati pa njanji amaona zitsulo ziwiri zija zikuyandikana mpaka kukakumana kutali, kukamwa kwa ndowa kumene kuli kozungulira bwino kumaoneka kophwatalala akakuonera chapambali, ndipo mapolo a magetsi amene anazikidwa motalikirana mofanana amaoneka ngati akunka nathithikana. Mwana amene wauzidwa m'kalasi kuti mizere ya parallel siikumana, n'kutuluka panja n'kuiona ikukumana, amangoganiza kuti za m'buku n'zina ndipo za m'maso n'zina. Pali gawo la masamu limene limafotokoza chifukwa chimene buku ndi diso zonse zikunenera zoona, ndipo dzina lake ndi projective geometry. Kawirikawiri limaphunzitsidwa ku yunivesite, koma kwa zaka zoposa 70 pakhala aphunzitsi ndi akatswiri amene akunena kuti chiyambi chake chiyenera kuperekedwa kwa ana akadali aang'ono.

Maziko a projective geometry ndi ntchito imodzi yotchedwa projection, imene ndi kusamutsa chithunzi kuchoka pamalo ena athyathyathya kupita pa ena, potsatira mizere yowongoka yochokera pa dontho limodzi. Nyali ikayatsidwa m'chipinda chamdima, katoni yodulidwa ngati thirayango n'kuikidwa pakati pa nyaliyo ndi khoma, kuwala kumayenda mowongoka kuchoka pa lawi, kulambalala m'mphepete mwa katoniyo mpaka kukafika pakhoma, ndipo chithunzithunzi chimene chimaoneka pamenepo ndicho projection ya thirayangoyo. Diso ndi kamera zimagwira ntchito yomweyo mobwerera, chifukwa m'malo mwakuti kuwala kumwazike kuchoka pa dontho limodzi, kumasonkhana pa dontho limodzi. Funso limene akatswiri a masamuwa amafunsa si lakuti chithunzithunzicho n'chotalika bwanji, popeza kutalika kumasintha nyali ikangosunthidwa pang'ono, koma lakuti ndi zinthu ziti zimene sizisintha ngakhale nyali ndi katoni zitasunthidwa m'njira iliyonse. Yankho lake ndi lalifupi modabwitsa: mzere wowongoka umakhalabe wowongoka, dontho limene lili pa mzere limakhalabe pa mzerewo, ndipo mizere itatu imene imakumana pa dontho limodzi imakumanabe pamodzi. Kutalika kwa mbali, kukula kwa ngodya, ngakhale dontho la pakati penipeni pa mzere, zonsezi zimatayika. N'chifukwa chake chida chokha chofunika pa masamuwa ndi chinthu chowongoka cholembera mizere, ndipo manambala a pa rula, kampasi ndi choyezera ngodya zilibe ntchito.

Nzeru imeneyi inayambira m'manja mwa anthu ojambula zithunzi. Ibn al-Haytham, katswiri wobadwira ku Basra amene anagwira ntchito ku Cairo m'zaka zoyambirira za m'ma 1000, anali atasonyeza kale kuti munthu amaona chifukwa kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso moyenda mowongoka, osati chifukwa diso limatulutsa kuwala monga ambiri ankakhulupirira. Patapita zaka pafupifupi 400, mmisiri wa zomangamanga wa ku Florence ku Italy, Filippo Brunelleschi, anajambula nyumba yobatiziramo ya mumzindawo pa thabwa limene analiboola kachibowo, ndipo munthu akasuzumira pa kachibowoko kuchokera kumbuyo n'kuona chithunzicho pa galasi loikidwa patsogolo, zinkakhala ngati akuona nyumba yeniyeniyo. Leon Battista Alberti analemba malamulo a kajambulidwe kameneka mu 1435 m'buku la De pictura, m'mene anafotokoza chithunzi ngati zenera limene mizere ya kuwala yopita ku diso imadutsapo, ndipo mu 1525 Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anasindikiza chithunzi cha anthu awiri akujambula choimbira cha zingwe mothandizidwa ndi ulusi wokolekedwa pakhoma, umene unkaimira mzere wochoka ku diso. Kajambulidwe kameneka, kamene kamachititsa pepala lathyathyathya kuoneka ngati lili ndi pafupi ndi patali, ndiko kamatchedwa perspective.

Amene anasandutsa luso la ojambulali kukhala masamu ndi Girard Desargues, injiniya wa ku Lyon ku France, amene mu 1639 anasindikiza kabuku kake m'makope ochepa kwambiri. Kabukuka sikanawerengedwe ndi anthu ambiri, chifukwa Desargues anatcha mizere ndi madontho ake mayina otengedwa ku mitengo, monga thunthu ndi nthambi, amene anasokoneza owerenga, komanso chifukwa mu 1637 René Descartes anali atatulutsa njira yofotokozera geometry ndi manambala ndi zilembo, imene inakopa akatswiri a nthawiyo. Mmodzi mwa ochepa amene anamumvetsa anali Blaise Pascal, amene mu 1640, ali ndi zaka 16 zokha, anasindikiza mfundo yake yotchuka ya madontho asanu ndi limodzi oikidwa pa seko kapena pa chithunzithunzi cha seko. Kabuku ka Desargues kanaiwalika mpaka mu 1845, pamene Michel Chasles anapeza kope lolembedwa pamanja. Pofika nthawi imeneyo phunziroli linali litabadwanso mwa njira ina. Jean-Victor Poncelet, msilikali wachinyamata amene anaphunzira kwa Gaspard Monge ku École Polytechnique ku Paris, anagwidwa ndi asilikali a Russia mu 1812 pa nkhondo ya Napoleon, ndipo ali m'ndende ku Saratov wopanda mabuku anayamba kukumbukira ndi kukonzanso geometry imene anaphunzira. Zimene anazipeza kumeneko zinatuluka mu 1822 m'buku limene limatengedwa ngati chiyambi cha projective geometry ya masiku ano.

Chimene chimadodometsa munthu woyamba kumene ndi momwe masamuwa amachitira ndi mizere ya parallel. M'malo mokana zimene diso likuona, amawonjezera pa mzere uliwonse dontho limodzi latsopano, lotchedwa dontho la kutali kopanda malire, n'kunena kuti mizere yonse yoloza mbali imodzi imakumana pa dontho limenelo. Ndipo madontho onse otere akaikidwa pamodzi amapanga mzere umodzi, umene pa chithunzi ndi malekezero a thambo, paja thambo limaoneka ngati lakhudza dziko. Phindu la kuchita zimenezi ndi lakuti lamulo limakhala lopanda kupatula: mizere iwiri iliyonse imakumana pa dontho limodzi, monganso madontho awiri alionse amalumikizidwa ndi mzere umodzi. Ziganizo ziwirizi n'zofanana mwakuti dontho likaikidwa pamalo pa mzere ndipo mzere pamalo pa dontho, china chimasanduka chinzake, ndipo khalidwe limeneli, lotchedwa duality, limagwira ntchito pa mfundo zonse za projective geometry ya pamalo athyathyathya, kotero kuti munthu akatsimikizira mfundo imodzi amakhala watsimikiziranso inzake osavutikanso. Poncelet ndi Joseph Gergonne anakangana kwa zaka m'ma 1820 pa za amene anayamba kuzindikira zimenezi. Mu 1872 Felix Klein, ali ku yunivesite ya Erlangen ku Germany, anasonyeza kuti geometry iliyonse imadziwika ndi mtundu wa kusintha kumene imalola ndi zinthu zimene zimatsala zosasintha, ndipo poyang'ana motero geometry ya Euclid imapezeka kuti ndi kagawo chabe ka projective geometry, kamene kamatuluka munthu akaumirira kuti kutalika ndi ngodya zisungidwe.

Ganizo lakuti ana aang'ono angaphunzire zimenezi linalimbikitsidwa ndi Jean Piaget ndi Bärbel Inhelder a ku Geneva, amene m'buku lawo la mu 1948 lonena za momwe mwana amamvetsera malo anati mwana amayamba wazindikira za kukhala mkati kapena kunja, kugundana kapena kutalikirana, kenako za kuwongoka ndi za kusintha kwa maonekedwe a chinthu malinga ndi pamene woonayo waima, ndipo kuyeza molondola kumakhwima mochedwerapo. Ngati zili choncho, sukulu imene imayamba ndi masentimita ndi madigiri ikuyambira kumapeto. Pa kafukufuku wawo wina wotchuka, mwana ankaikidwa kutsogolo kwa timapiri titatu toumba n'kufunsidwa kuti asankhe chithunzi chosonyeza zimene chidole chokhala mbali ina chikuona, ndipo ana osakwana zaka pafupifupi 7 ankasankha kawirikawiri zimene iwo eni akuona. Komabe Martin Hughes, m'zaka za m'ma 1970, anasintha funsolo kukhala sewero la kamnyamata kobisalira wapolisi kuseri kwa timakoma, ndipo ana ambiri a zaka 4 anatha kukabisa pamalo pamene wapolisiyo sangakaone. Ndondomeko ya Piaget siivomerezedwa yonse lerolino, koma zotsatira za Hughes n'zokomera kwambiri mbali ya amene akufuna masamuwa aphunzitsidwe msanga, chifukwa zikusonyeza kuti mwana amene amatha kusewera chibisaliro amadziwa kale kuti diso limaona mowongoka, ndipo chimene alibe ndi mawu ndi chojambula chofotokozera zimene akudziwazo.

Pali mbiri ina imene iyenera kuchenjeza aliyense wofuna kutsitsira masamu a ku yunivesite kwa ana. Pa msonkhano wa ku Royaumont ku France mu 1959, katswiri Jean Dieudonné ananena kuti Euclid achotsedwe m'sukulu, ndipo m'zaka zotsatira mayiko ambiri analandira chimene chinkatchedwa New Math, chimene chinadzaza mabuku a ana ndi maseti, zizindikiro ndi matanthauzo okhwima. Mphepo imeneyi inafikanso ku Africa kudzera m'misonkhano yolemba mabuku imene inayamba ku Entebbe ku Uganda mu 1962. Pofika m'ma 1970 madandaulo anali atachuluka akuti ana akudziwa mayina aakulu koma akulephera kuwonkhetsa ndi kugawa, ndipo aphunzitsi ambiri anapatsidwa mabuku ophunzitsa zinthu zimene iwo eni sanaphunzirepo. Projective geometry itabwera m'njira imeneyo, ndi mndandanda wa matanthauzo oti ana aloweze, ingafe imfa yomweyo.

Kumene zinayenda bwino, zinayenda chifukwa aphunzitsi anayamba ndi zinthu zogwirika. Emma Castelnuovo, amene anabadwa mu 1913 n'kumwalira mu 2014, anaphunzitsa ana a zaka 11 mpaka 14 pa sukulu ina ya ku Rome kuyambira mu 1945 mpaka mu 1979, ndipo mu 1948 anatulutsa buku lotchedwa Geometria intuitiva. M'kalasi mwake ana ankafufuza zithunzithunzi za dzuwa ndi za nyali, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anapita kukaphunzitsa ana a ku Niger mwa njira yake yomweyo ya kuona ndi kugwira. Ku Netherlands, gulu lotchedwa Wiskobas, limene linayamba mu 1968 n'kulowa mu 1971 m'bungwe lotsogozedwa ndi Hans Freudenthal ku Utrecht, linaika m'masamu a ku pulayimale mafunso a mizere ya kuona, monga lakuti wojambula chithunzi ichi anaima pati, kapena lakuti mphaka wokhala apa angaone mbewa imene ili kuseri kwa khoma ilo. Sukulu za Waldorf, zimene yoyamba inatsegulidwa ku Stuttgart mu 1919, zimaphunzitsa projective geometry yeniyeni m'makalasi omaliza a sekondale, koma zimakonzekeretsa ana ndi zaka zambiri za kujambula. M'zitsanzo zonsezi palibe pamene mwana wa zaka 9 akuuzidwa dzina la phunziroli.

Phunziro losavuta kuposa onse, komanso lopindulitsa kuposa onse, ndi la kufananitsa chithunzithunzi cha dzuwa ndi cha nyali. Ana amapanga sikweya ya timitengo kapena ya waya, yokhala ndi maulusi awiri opingasana, uliwonse womangidwa kuchoka pa ngodya kupita pa ngodya yoyang'anizana nayo, n'kuitengera padzuwa, ndipo pamene mmodzi akuipendeketsa mnzake amalemba chithunzithunzi chake pansi ndi choko kapena ndi kamtengo. Ngodya zimasintha, mbali zimatalika kapena kufupika, koma mbali zoyang'anizana zimakhalabe za parallel, ndipo mfundo yomangidwa pakati penipeni pa kamtengo imagwerabe pakati penipeni pa chithunzithunzi chake. Chifukwa chake n'chakuti dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kotero kuti mizere ya kuwala kwake ikamafika pabwalo la sukulu imakhala ya parallel. Geometry ya zithunzithunzi zoterezi imatchedwa affine geometry, ndipo ili pakati pa ya Euclid ndi ya projective. Sikweya yomweyo ikaunikidwa ndi tochi m'chipinda chotseka mazenera, mbali zoyang'anizana zimayamba kupendekerana, mfundo ija imachoka pakati, ndipo chotsala n'chakuti mbali zikadali zinayi, zikadali zowongoka, ndipo maulusi awiri aja akupingasanabe pa dontho limodzi. Mwana amene walemba mndandanda wa zimene zasintha ndi zimene sizinasinthe pa zochitika ziwirizi wachita, mwa msinkhu wake, zimene Klein anafotokoza mu 1872.

Pa nkhani ya dzuwa, mayiko a kuno ali ndi mwayi umene ana a ku Rome ndi a ku Netherlands analibe. Malawi ali pakati pa madigiri pafupifupi 9 ndi 17 kumwera kwa equator, kutanthauza kuti dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, ndipo ku Lilongwe zimenezi zimachitika chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Masana a masiku amenewo mtengo woimikidwa chilili umakhala wopanda chithunzithunzi, ndipo sikweya yogwiridwa mopingasa imaponya chithunzithunzi chake pansi pake penipeni, zimene sizichitika konse ku Europe. Mbale yozungulira ikaunikidwa ndi tochi imatulutsa chozungulira chophwatalala chotchedwa ellipse, ndipo kuwala kwa tochi yomweyo kukalozetsedwa pakhoma mopendeketsa pang'onopang'ono, m'mphepete mwake mumasintha kuchoka pa seko kupita pa ellipse, kenako n'kutseguka osatsekekanso, kukhala parabola ndi hyperbola. Apollonius wa ku Perga analemba za mizere yokhota imeneyi zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe, ndipo kwa projective geometry mizere yonseyi ndi chinthu chimodzi choonedwa kuchokera mbali zosiyana.

Zenera la Alberti nalonso lingabwerezedwe ndi pulasitiki yoonekera yomatidwa pa felemu ya katoni. Mwana amatsinzina diso limodzi, mutu osausuntha, n'kulemba pa pulasitikiyo m'mphepete mwa khonde kapena mwa msewu monga akuonera, ndipo akachotsa chojambulacho n'kutalikitsa mizere yake ndi rula amapeza kuti mizere ya denga, ya mazenera ndi ya pansi ikukumana pa dontho limodzi limene lili pa msinkhu wa diso lake. Akakwera pa mpando n'kujambulanso, dontholo limakwera naye. Kuchokera pamenepo ana okulirapo angathe kujambula pansi pa nyumba poyalidwa matailosi, ndi rula yokha, osayeza chilichonse. Amayamba ndi tailosi imodzi yooneka chapambali, ya ngodya A, B, C ndi D. Amatalikitsa mbali AB ndi DC mpaka zikumane pa dontho P, ndi mbali AD ndi BC mpaka zikumane pa dontho Q, ndipo mzere wodutsa pa P ndi Q ndiwo malekezero a thambo. Mzere wochoka pa A kudutsa pa C ukatalikitsidwa umakafika pa malekezerowo pa dontho R, ndipo popeza mizere yotere ya matailosi onse ndi ya parallel, yonse iyenera kupita pa R. Motero mzere wochoka pa B kupita pa R umadula mzere wa DC pa ngodya ya tailosi yotsatira, ndipo ngodyayo ikalumikizidwa ndi Q, tailosi yachiwiri yatha. Ntchitoyi ingabwerezedwe mpaka pensulo italephera kulowa m'timipata, koma matailosi sadzafika pa malekezero a thambo, ndipo pamenepa mwana amakhudza ndi dzanja lake tanthauzo la chinthu chopanda malire.

Mfundo ziwiri zotchuka za phunziroli nazo zingajambulidwe ndi mwana wa Sitandade 7 kapena 8. Ya Pappus wa ku Alexandria, amene anakhalako m'zaka za m'ma 300, imati munthu akalemba mizere iwiri iliyonse, n'kuika madontho 1, 2 ndi 3 pa mzere woyamba ndi ena 1, 2 ndi 3 pa wachiwiri, kenako n'kulumikiza dontho lililonse ndi madontho awiri a mzere winawo amene nambala yawo ndi yosiyana ndi yake, malo atatu amene mzere wa 1 ndi 2 ukupingasana ndi wa 2 ndi 1, wa 1 ndi 3 ndi wa 3 ndi 1, komanso wa 2 ndi 3 ndi wa 3 ndi 2, amakhala pa mzere umodzi wowongoka. Mphamvu ya phunziroli imaoneka m'kalasi ya ana ambiri, chifukwa aliyense amasankha madontho akeake koma onse amapeza mzere wowongoka, ndipo funso lakuti n'chifukwa chiyani limachokera kwa ana eniake. Mfundo ya Desargues, imene inasindikizidwa ndi mnzake Abraham Bosse mu 1648, ndi yabwino koposa chifukwa nyali imaifotokoza. Imati ngati mizere yolumikiza ngodya zoyenderana za mathirayango awiri ikumana pa dontho limodzi, mbali zoyenderana zikatalikitsidwa zimakumana pa madontho atatu okhala pa mzere umodzi. Thirayango ya katoni ikapendeketsedwa pamwamba pa simenti nyali ili pamwamba pake, mbali iliyonse ikatalikitsidwa imakagunda simenti pamalo pamene chithunzithunzi chake chotalikitsidwa chikudutsa, ndipo malo atatuwo ali pa simenti komanso ali pamene katoniyo ikanadutsa ikanakhala yaikulu. Tsono malo awiri athyathyathya akamakumana amakumana pa mzere wowongoka, monga khoma limakumanira ndi pansi.

Ngakhale kutalika kumatayika, pali nambala imodzi imene projection siisintha, yotchedwa cross-ratio, imene imawerengedwa pa madontho anayi A, B, C ndi D a pa mzere umodzi pochulukitsa AC ndi BD, n'kugawa ndi zotsatira za kuchulukitsa BC ndi AD. Mapolo anayi otalikirana mofanana, oimiridwa ndi 0, 1, 2 ndi 3, amapereka 2 kuchulukitsa ndi 2 kugawa ndi 1 kuchulukitsa ndi 3, ndiye kuti 4/3. Pa chithunzi mapolo omwewo angaoneke pa masentimita 0, 6, 8 ndi 9, mipata ikunka nichepa, koma 8 kuchulukitsa ndi 3 ndi 24, 2 kuchulukitsa ndi 9 ndi 18, ndipo 24/18 ndi 4/3 yomweyo. Kuwerengera kwake n'kwa ku pulayimale, koma chifukwa chake n'cha ku sekondale, choncho n'kwanzeru kuisunga ngati chodabwitsa choperekedwa kwa ana ofulumira kumva basi.

Palinso mtundu wa projective geometry umene madontho ake ndi owerengeka, ndipo waung'ono kuposa yonse, umene umadziwika ndi dzina la Gino Fano wa ku Italy amene analemba za nkhaniyi mu 1892, uli ndi madontho 7 ndi mizere 7, mzere uliwonse uli ndi madontho 3. Ana 7 angapemphedwe kupanga magulu 7 a anthu atatuatatu mwakuti ana awiri alionse akhale limodzi m'gulu limodzi lokha, ndipo yankho lina ndi 1-2-4, 2-3-5, 3-4-6, 4-5-7, 5-6-1, 6-7-2 ndi 7-1-3. Akalipeza amaonanso kuti magulu awiri alionse ali ndi mwana mmodzi yekha wopezeka konsekonse, imene ndi duality ija. Sewero la makadi lotchedwa Dobble, limene linatuluka ku France mu 2009, linamangidwa pa mfundo yomweyi, ndi zithunzi 8 pa khadi lililonse ndi makadi 55 mwa 57 amene masamu amalola.

Otsutsa ali ndi mfundo zimene siziyenera kunyozedwa. Chojambula si umboni, ndipo mwana amene waona madontho atatu pa mzere umodzi sanatsimikizire kanthu, makamaka ngati pensulo yake ndi yobuntha ndipo rula yake ndi yokumbika. Mphunzitsi ayenera kunena poyera kuti chimene chaonekacho chikudikira chifukwa chake. Palinso ngozi yakuti mwana asokonezeke n'kukalemba pa mayeso kuti mizere ya parallel imakumana, ndipo njira yopewera zimenezi ndi kusiyanitsa nthawi zonse chinthu chenicheni ndi chithunzi chake: zitsulo za njanji sizikumana, koma mizere imene ikuziimira pa pepala imakumana. Chotsutsa chachikulu ndi cha nthawi. M'Malawi, kumene maphunziro a pulayimale aulere anayamba mu 1994 ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi ambiri akadali odzaza, ndipo ntchito yoyamba ya mphunzitsi wa Sitandade 1 mpaka 4 ndi yakuti ana adziwe kuwerenga ndi kuwerengera. Palibe chithunzithunzi chimene chingalowe m'malo mwa zimenezo. Komabe pa maphunziro onse a geometry, ili ndilo losafuna bokosi la zida zogula, ndipo ndi limodzi mwa ochepa amene kalasi yophunzirira pansi pa mtengo ingachite bwino kuposa yophunzirira m'chipinda.

Ntchito ya masamuwa masiku ano ili m'thumba mwa anthu ambiri, chifukwa foni imene imajambula chikalata mopendekera n'kuchiwongola kukhala rekitango ikubweza projection, ndipo momwemonso amachitira makompyuta amene amalumikiza zithunzi za madroni kukhala mapu, ntchito imene achinyamata akuphunzira ku African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020. Koma chifukwa chenicheni chophunzitsira ana zithunzithunzi ndi mizere ya kuona si ntchito ya m'tsogolo ayi, ndi chakuti amaphunzira kufunsa chimene chatsala chosasintha zinthu zikasintha, funso limene adzakumana nalo m'masamu onse a ku sekondale. Projective geometry siyenera kukhala mutu watsopano mu silabasi ya ku pulayimale, ndipo siyenera kulowa m'mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, chifukwa ikatero idzasanduka zoloweza. Choyenera ndi maphunziro ochepa, atatu kapena anayi pa chaka kuyambira Sitandade 4, olowetsedwa m'mitu ya maonekedwe a zinthu imene ilipo kale ndi m'phunziro la Expressive Arts. Olemba silabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi aphunzitsi a m'makoleji a zauphunzitsi ndiwo angayambe, poonetsetsa kuti aliyense wophunzira zauphunzitsi wajambulapo yekha matailosi aja ndi rula asanapatsidwe kalasi.